Kiyi, Buku ndi Mpando wa Ometa

1. Shopu yopanda bwana

Dzina langa lenileni lisiyeni. Aliyense amanditchula Wailesi, ndipo sindikwiya ayi, chifukwa sakunama. Nkhani ikalowa khutu langali siigonamo, imatulukira pakamwa tsiku lomwelo.

Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Sukulu ndinalekezera kalasi yachisanu, ndiye achemwali anga anandikokera ku gulu la osoka kumene amagwira ntchito, akuti ndiphunzire kusoka m'malo momangozungulira m'makomo mwa anthu ndi pakamwa potsegula.

Shopu yathu ndi chipinda chimodzi chachitali ngati basi. Muli makina asanu ndi atatu, tebulo lodulirapo nsalu, simbi, ndi zenera limodzi limene tonse timalimbirana. Pansi pa makina a achemwali pali katoni yoyalidwa tinsalu, ndipo mmenemo mumagona mwana wawo wa miyezi isanu ndi iwiri. Timamutcha Kabatani chifukwa cha mphuno yake. Womusiyira kunyumba palibe. Amayi athu anatisiya kalekale, ndipo bambo ake a mwanayo anapita kukafuna ntchito, mpaka lero akuifunabe.

Bwana m'shopu mwathu mulibe. Amene anayambitsa gululi anasiya zinthu zitatu: kiyi, buku ndi mpando.

Kiyi amasunga mayi wina wamtali, wosaseka wamba, amene timangowatcha Anakiyi. Iwo ndi amene amatsegula, kutseka, kugawa ntchito ndi kunena amene akhale pa makina ati.

Buku la malamulo ankasunga Alembi. Koma sankalembamo ngakhale kadontho pokhapokha gulu litakhala pansi n'kukweza manja. Woitanitsa msonkhanowo analinso iwo.

Mpando ndi wa a Sipanala, nkhalamba yokonza makina. Ndi mpando wakale wa ometa tsitsi umene tinaupeza m'chipindamo, wong'ambika, wosazungulira. Anthu awiri akayambana, a Sipanala amapukuta mafuta m'manja, n'kukwera pamenepo, n'kumva mbali zonse. Ngakhale Anakiyi amene, akapatsa munthu chilango, munthuyo amatha kukadandaula kumpando.

Pa tsamba loyamba la buku panalembedwa kuti wogwira chimodzi mwa zitatuzi asagwirenso china. Ine ndinkaona ngati ndi mwambo chabe wa anthu akale.

2. Tiyi wa Lolemba

Mwezi watha kunabwera ntchito yaikulu: mayunifolomu a sukulu yonse, oti athe m'masabata atatu. Sabata yomweyo Alembi anaitanidwa kwawo kukadwazika mayi awo. Anasiya buku patebulo, Anakiyi n'kuliika m'chikwama chawo kuti lisadyedwe ndi makoswe. Palibe amene anatsutsa. Aliyense anali ndi makolala makumi atatu omudikira.

Loweruka masana anthu onse atapita kukadya, m'shopu tinatsala atatu: achemwali, Kabatani ndi ine. Achemwali anamutulutsa m'katoni kuti amusinthe thewera, n'kumugoneka kaye pa mulu wa madiresi otha kale. Inu! Mwana uja anangoti waa, diresi lapamwamba lonse nyowe.

Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Achemwali sanaseke. Analichapa msangamsanga, kulifinya m'thaulo, kuliumitsa ndi simbi, ndipo anthu pobwera linali pamulu, loyera kuposa anzake.

"Wailesi, lero uzime," anatero.

"Ndazima, achemwali."

Ndinazimadi Lamulungu lonse. Koma Lolemba m'mawa ndinafika molawirira, ndipo Anakiyi anandithirira tiyi wa m'fulasiki mwawo, wamkaka. Mayi amenewa amandikonda. Ena onse amati ndikhale chete, koma iwo amati, "Kaya mwana wanga, kuli zotani?" Munthu wondifunsa choncho ndingamubwezere kapu yokha?

Ndinawafotokozera zonse, mpaka kuchita kuonetsa mmene Kabatani anakwezera miyendo. Ndinkayembekeza kuti aseka. Anangoti, "Oho," n'kutseka fulasiki.

Ndinali nditaiwala kuti Anakiyi anayesapo kawiri kuti ana asamalowe m'shopu. Kawiri konseko manja anakana, ndipo wotsogolera kukanako anali achemwali.

3. Dzanja langa

Lachiwiri a Sipanala anatiuza kuti akupita kuchipatala kukachotsa ng'ala m'diso, ndipo akhala kunyumba masabata awiri. Pafunika wokhala pampando. Tinazimitsa makina.

"Tisataye nthawi," anatero Anakiyi. "Masabata awiri okha. Ndigwirizira ine. Milandu yake iti? Kulimbirana zenera?"

Ena anaseka. Achemwali anati, "Ayi, akhalepo Amayi a Simbi." Amenewa ndi mayi wosita zovala, wonenepa, wa mawu ngati lipenga.

Amayi a Simbi ndi amene ndinawanenera chaka chatha kuti amuna awo amadya kawiri, kwawo ndi kwina. Nkhaniyo inafika kumpando, a Sipanala n'kundilamula kutola ulusi pansi masabata awiri. Kuyambira pamenepo mayiwo akandiona amafwenthera kumbali.

A Sipanala anaimirira, diso lina loyera ngati mkaka.

"Ana anga, ndimvereni musanakweze manja. Sindikunena kuti mayi awa ndi oipa. Ndawadziwa zaka makumi awiri, sanatengepo ngakhale singano ya gulu. Nkhani si mtima wa munthu ayi. Ndili mnyamata ndinkagwira ntchito kwa telala wina, munthu wabwino, wopemphera, wotigawira chakudya chake. Koma iye ndiye ankaika malamulo, iye ndiye ankatigwira tikalakwa, iye yemweyo ndiye ankaweruza. Tsiku lina anadzuka mutu ukumuwawa, n'kundichotsa ntchito chifukwa choimba mluzu. Ndinafunsa kuti lamulo la mluzu labwera liti. Anati lero. Ndinafunsa kuti ndikadandaule kwa yani. Anadziloza pachifuwa. N'chifukwa chake poyambitsa gulu lino tinagawa dala zinthuzi patatu. Ngakhale maiko ambiri amatero. Kumakhala nyumba ya malamulo yopanga malamulo, kumakhala mtsogoleri ndi nduna zake oyendetsa ntchito, kumakhala makhoti oweruza. Sanagawe choncho chifukwa chosowa munthu mmodzi wanzeru. Anagawa kuti mmodzi akalakwitsa, kapena akakwiya, kapena akangotopa, pakhale khomo lina lokagogoda. Mumati ndimachedwa kuweruza. Inde ndimachedwa, ndipo muli ndi changu, ndikudziwa. Koma taonani: kiyi ali m'chikwama chawo, buku lili m'chikwama chomwecho. Mpandowu ndi wokhawo umene sulowa m'chikwama. Musawapatse. Sindikuwaopa iwo, ndikuwamvera chisoni, chifukwa munthu wopanda womuletsa sadziwa tsiku limene wayamba kulakwa."

"Mwamaliza ulaliki, abusa?" anafunsa wina kumbuyo. "Mabatani akutidikira."

Anakiyi, Amayi a Simbi ndi a Sipanala sanaloledwe kukweza. Tinatsala khumi ndi mmodzi. Ofuna Amayi a Simbi anakweza: manja asanu, la achemwali pamwamba, lina litagwira Kabatani. Ofuna Anakiyi: manja asanu.

Onse anatembenukira kwa ine. Pa gulu lathu ngakhale wophunzira ali ndi dzanja, ndipo aka kanali koyamba kuti dzanja langa likhale ndi ntchito.

Ndinayang'ana Amayi a Simbi, anali atandithyolera khosi. Ndinayang'ana fulasiki. Ndinakweza.

"Asanu ndi mmodzi," anatero Anakiyi. "Yatsani makina."

A Sipanala analongedza zitsulo zawo m'kabokosi. Podutsa pafupi nane sanandikalipire. Anangondifunsa ngati ndathira mafuta makina achitatu.

4. Lamulo la inki yatsopano

Lachinayi m'mawa tinapeza Anakiyi ataima pakhomo, kiyi m'manja. Onse analowa. Achemwali atafika ndi Kabatani kumsana, mkono wautali uja unatchinga.

"Mwana salowa."

"Kuyambira liti?"

"Zili m'buku."

Analitulutsa m'chikwama n'kulitsegula. Ine kuwerenga ndimachedwa, koma izi ndinaziwerenga bwinobwino: mwana wosayenda asalowe m'shopu, ndipo amene mwana wake waononga chovala cha kasitomala achoke pa makina. Malamulo ena onse anali a inki yakuda yofwifwa, m'zilembo zozungulira za Alembi. Ili linali la buluu, lowala, zilembo zoima ngati misomali.

"Manja athu tinakweza liti?" anafunsa achemwali.

"Mudzakweza pa msonkhano. Pano ndi nthawi ya changu."

"Ndiye itanitsani msonkhanowo."

"Ndidzaitanitsa mayunifolomu akatha."

"Lero, mayi. Pompano. Tonse tili pano."

"Woitanitsa ndi wosunga buku. Wosunga buku wati mayunifolomu akatha."

Amayi a Simbi anatulutsa mutu pazenera. "Ndiye tikumana tokha madzulo!"

"Mukumana kuti? Ine ndimatseka faifi."

Achemwali anamutsitsa Kabatani, kumukweza, kumumanganso. Kenako anati, mwaulemu kwambiri, "Chabwino. Ndikukadandaula kumpando."

Anakiyi anaika buku m'chikwama, anayenda chipinda chonse kudutsa makina asanu ndi atatu, anakwera pa mpando wa ometa uja, n'kukonza siketi.

"Ndikumva. Dandaulani."

Wina anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira.

"Ndikudandaula za amene wanditsekera khomo," anatero achemwali ali panja, akuyankhulira pakhomo.

"Watsata buku."

"Ndiye ndikudandaula za amene walemba m'buku."

"Walemba pofuna kuteteza ntchito ya anthu khumi ndi asanu. Mpando sukuona cholakwa." Anayang'ana Kabatani. "Ndipo pali nkhani ina. Loweruka diresi la kasitomala linakodzeredwa, n'kubwezedwa pamulu mwakachetechete. Mlandu umenewo ndiumva mawa masana."

Ine ndinaweramira mabatani. Tsiku limenelo ndinasokerera asanu ndi awiri mbali yolakwika.

Musaganize kuti Anakiyi ankasangalala. Masana ndinawapeza kuseri akudya okha, maso ofiira ndi tulo.

"Mayi," ndinatero, "zija ndinkangocheza. Diresi lake linayera. Simungalidziwe n'komwe."

"Likanakhala kuti silinayere? Sukulu ikanabweza zonse, tikanalowera kuti tonsefe? Ukuganiza kuti ndimadana ndi mwana? Ndabereka asanu ine. Koma wina ayenera kulimba mtima, ndipo munasankha ine."

"Nanga mukanena kuti ndinakuuzani ndine?"

"Sindinena. Pita ukamasule mabatani aja."

5. Kwa a Sipanala

Lachisanu nthawi yopuma ndinathamanga kwa a Sipanala. Ndi kuseri kwa malo okwerera basi, kachipinda kodzaza mitu ya makina akufa. Ndinawapeza atagona chagada, diso lomatidwa thonje, mdzukulu wawo wamkazi akuwapatsa madzi.

"Ndi ndani? Mapazi othamanga chonchi ndi a Wailesi."

Ndinawauza zonse, ngakhale za tiyi. Koyamba m'moyo wanga nkhani inkandilemera pakamwa.

"Agogo, tiyeni. Ndikugwirani dzanja. Mukangokhala pampando paja mphindi zisanu zokha."

"Adokotala ati ndisaweramitse mutu, ndisayende padzuwa. Koma ngakhale ndikanapita, mwana wanga, ndikakhalapo ngati ndani? Mpando suli wanga ngati mmene zilili nsapatozi. Munandipatsa ndi manja, mwaupereka kwina ndi manja. Ndikakaukwera mokakamiza, mawa wina wamphamvu kuposa ine adzaukweranso mokakamiza, ndipo adzati anaonera ine. Chimene chaperekedwa ndi manja chimabwezedwa ndi manja. Vuto lake ndi loti manjawo amakwezedwa pa msonkhano, msonkhano uli m'buku, buku lili m'chikwama, ndipo chipinda chokumaniramo chili ndi kiyi. Kupereka kunakutengerani mphindi imodzi. Kulanda mudzaona nokha. Ndipo usadzinamize kuti pakatha masabata awiri zidzabwerera zokha. Mayunifolomu akatha kudzabwera ntchito ina yachangu. Ntchito yachangu siitha."

"Ndiye nditani?"

"Lero? Lero palibe. Bwerera, ungachedwe, angakulembere lamulo lako."

Ndinabwerera wapansi pang'onopang'ono. Panjira ndinaona mkazi wa wogulitsa nyama akutsika m'galimoto ya munthu wina, nkhani yoti tsiku lina ndikanaithamangitsa mpaka shopu. Sindinaitole n'komwe.

6. Mlandu wa mphindi zinayi

A Sipanala mlandu ankaumva masiku atatu. Ankafunsa uyu, kufunsa uyo, kupita kukagona nawo, kubweranso ndi mafunso ena. Wa achemwali unatha simbi isanatenthe.

Anaima pakhomo, phazi limodzi mkati, lina kunja, chifukwa Kabatani anali kumsana ndipo mwana salowa.

"Diresi linakodzeredwa kapena ayi?" anafunsa Anakiyi ali pampando.

"Linakodzeredwa. Ndinalichapa. Litulutseni pamulupo ngati mungalidziwe."

"Mwavomera."

"Zinachitika Loweruka, mayi. Lamulo lanu ndi la Lachinayi."

"Buku silinena za masiku."

"Wakuuzani ndani? Abwere ayankhule pamaso panga. A Sipanala sankamva za munthu wobisala."

"A Sipanala ali kunyumba. Mpando wamva mokwanira. Muchoke pa makina mpaka msonkhano udzakambe."

"Msonkhano wake uti?" anakuwa Amayi a Simbi. "Umene uli m'chikwamawo?"

"Amayi, masiketi makumi anayi akudikira simbi yanu. Kapena nanunso muli ndi dandaulo? Mpando ulipo."

Amayi a Simbi, a mawu ngati lipenga aja, anayang'ana mpando, anayang'ana chikwama, n'kubwerera ku simbi yawo. Asanu aja amene anakweza manja pamodzi ndi ine anali ataweramira singano ngati akuziona koyamba. Mmodzi anayatsa makina, wina n'kutsatira, ndipo phokoso linakwirira zonse.

Achemwali sanaloledwe kulowa kukatenga katundu wawo, ndiye ndinawatengera ine: sizasi yawo, tepi yoyezera, kapilo ka singano, ndi katoni ija. Pa makina panali malaya osatha, mkono umodzi wosokedwa, singano ili chilowere m'nsalu. Ndinafuna kuwamalizira, koma mikono sindinaphunzire.

7. Panjira

Achemwali anandidikira panja mpaka faifi, atakhala pa njerwa pafupi ndi wokonza njinga. Tinanyamuka limodzi, iwo ndi mwana, ine ndi katoni pamutu.

Ndinayesa kuyankhula. Ndinati mwina Alembi abwera msanga. Ndinati mwina tikapemphe mayi a nyumba yoyandikana nafe kuti azitsala ndi Kabatani. Ndinati a Sipanala akuoneka bwino, diso lokha.

"Unapita kwa a Sipanala?"

"Ndinangodutsako."

"Kukatani?"

"Kukawaona basi."

Tinadutsa pogulitsira makala, tinadutsa pa mpopi. Kabatani anali akuyamwa chala, mutu ukugwedera.

"Za dzanja lako sindikukufunsa," anatero achemwali. "Ndi lako, unakweza kumene unafuna. Unkaopa Amayi a Simbi, ndikudziwa. Ndinakwiya Lachiwiri, Lachitatu zinatha."

"Pepani, achemwali."

"Koma kuyambira dzulo ndikuwerenga anthu. Ndimati mwina wina anasuzumira pazenera, koma zenera tinali titatchinga ndi nsalu chifukwa cha dzuwa. Ndimati mwina wina anabwerera kudzatenga chinthu, koma chitseko chija chimalira, ndikanamva. Ndimati mwina diresi linanunkha. Ndinalinunkhiza ndekha kawiri."

Katoni inayamba kulemera, chonsecho munali sizasi ndi tinsalu tokha.

Tinafika pa mphambano pamene timadikira magalimoto kuti tiwoloke. Msewu unali mbee, wopanda ngakhale njinga, koma achemwali sanawoloke. Anatembenuka, n'kunditsitsa katoni pamutu ndi manja awo, kuiika pansi pakati pathu, kuti andione bwino kumaso.

"Loweruka m'chipinda muja tinalimo atatu," anatero. "Ine, iwe, ndi uyu."

Anagwedeza phewa, Kabatani n'kutsegula maso.

"Ndipo uyu, mng'ono wanga, sanayambe kuyankhula."